Amayi Ankamira M'dambo Kuti a ku Kepi Adye Nyika

Amene anandilakwira ndi mlamu wanga Zuze, mwamuna wa malemu mlongo wanga Chanazi. Sanandibere kanthu, sananditukwane. Chimene anachita n'chakuti anabwezera amayi anga m'madzi momwe munafera mwana wawo, kuti azungu a ku Kepi azidya nyika ndi foloko. Kuno ku Nyachikadza anthu akuti ndine wopanda mwambo, ndinachititsa manyazi mkamwini pagulu. Anene. Koma ayambe amva momwe zinayendera.

Amene simunabadwire kuchigwa kuno mwina nyika simuidziwa. Ndi mizu ya kakombo, yakuda, yobulungira ngati timbatata, imakhala m'matope pansi pa dambo. Kuti uipeze umapalasa bwato mpaka pakati pa dambo la Ndindi, n'kutsikira m'madzi ofika m'khosi, n'kumafufuza ndi zala za kuphazi. Ukaimva umakoka mpweya, kumira, kuzula ndi manja, kuvuuka. Ngakhale uiphike tsiku lonse imawawabe, imakanirira pakhosi. Palibe amene amaidya chifukwa choikonda. Timaidya chaka chimene madzi asesa minda, ndipo timadyera m'nyumba, chitseko chili chotseka. Sukulu ndinasiyira sitandade sikisi chifukwa cha iyo yomweyo. Mnyamata wina wa kumtunda ananditcha "wodya nyika" tili pamzere, ndinamugulula mano awiri. Aphunzitsi anati ndikabwere ndi kholo. Sindinapondekonso.

Chaka cha madzi aakulu chija Zuze anali atapita kale ku Joni, atasiya Chanazi ndi khanda kumsana. Njala italuma, Chanazi anapita kudambo ndi amayi. Amayi anakhala m'bwato kulandira, iye n'kumamira. Anavuuka, anaponya nyika m'bwato, anapukuta kumaso, anamiranso. Amayi amati madzi anangotembenuka kamodzi basi. Ng'ona. Tinasaka masiku atatu m'mabango, tinangopeza nsalu yake. Nsalu yomweyo ndi imene tinaika m'manda. Zuze sanabwere. Anati mapepala ake sali bwino, akatuluka sadzalowanso. Analira pafoni mpaka mawu kuuma, ndipo ine ndinamumvera chisoni.

Patapita zaka ziwiri anandiimbira. "Mlamu, udzakhalira kumenya anthu padoko mpaka liti? Bwera kuno, malo alipo."

Amayi anandiperekeza mpaka powolokera Shire. Anandipatsa milamba youma yokulunga m'nyuzipepala, kenako anagwira manja anga onse awiri n'kuwayang'ana ngati ali ndi matenda.

"Awa," anatero, "ukawasunge m'thumba. Kumeneko kulibe amene adzakupepesere."

Basi inatidutsitsa Mwanza, Tete, dziko la Zimbabwe lonse, mpaka miyendo kutupa ngati mitondo. Ku Joni ndinakweranso ina. Nditafika ku Kepi chimene chinandilandira ndi mphepo. Mphepo ya kumeneko imalowa m'mafupa, ine mwana wa ku Nsanje wozolowera kugona pabwalo wopanda malaya. Ndinapeza kuti Zuze ali ndi mkazi wina wa komweko. Anandipezera pogona m'kanyumba ka malata ka bambo wina wa ku Congo, Papa Didye. Anakhalako kukampu ya othawa kwawo ya ku Dowa zaka zambiri, choncho Chichewa ankachilankhula, ngakhale chopindika. Bulangeti linali limodzi. Mvula ikagwa tinkasuntha matiresi kuthawa podontha. Munthu uja ankandidzutsa ndi tiyi m'chitini n'kumati, "Dzuka, mwana wa ng'ona, mbale zikukulira."

Tonse atatu tinkagwira ntchito pamalo amodzi, lesitilanti yoyang'ana kunyanja. Mwini wake anali mzungu wotchuka wa pa TV, tinkangomutcha Shefu. Ntchito yake inali kuzungulira maiko, kudya za m'mbali mwa misewu, n'kubwera kudzaziphikira anthu olemera. Kuti upeze mpando umayenera kulembetsa milungu ingapo isanafike. Anali wamtali, mikono yojambulajambula nsomba ndi tsabola, wokonda kukumbatira aliyense. Ankati ndife banja lake. Dzina langa sanalidziwe mpaka ndinachoka. Ankandiitana kuti Malawi.

Zimene ndinaona tsiku loyamba zinandiseketsa. Matebulo a matabwa akale, nyale za m'zitini, mbale zachitsulo zogumuka m'mphepete, zija kwathu timadyetsera agalu. Ndinamufunsa Papa Didye ngati bwanayo wasauka.

"Amazigumula dala ndi hamala," anatero. "Anthu awa amafuna kudya ngati amphawi. Koma mpando ukhale wofewa."

Zuze anali kutsogolo, woperekera chakudya, malaya oyera, Chingerezi chotuluka m'mphuno. Papa Didye ankasenda ndi kudula. Ine ndinali kumbuyo kwenikweni, pasinki. Mbale, mapoto, ziwaya, kuyambira m'mawa mpaka miyendo kuchita dzanzi. Zala zinang'ambika ndi sopo. Koma mwezi ukatha amayi ankalandira kangachepe, ndipo ndinkaganiza kuti madzi aja tathana nawo.

Pamalopo panali chizolowezi. Kukabwera zakudya zatsopano, Lolemba masana, tsiku lotseka, antchito tonse tinkakhala pamatebulo ngati alendo n'kulawa chilichonse, anthu a kamera akujambula nkhope zathu. Nditatha chaka ndi miyezi, mbiri inamveka kukhitchini kuti ulendo uno mulinso chakudya cha ku Malawi. Ndinanyada. Ndinamuuza Papa Didye kuti akonzeke, chipisi cha pachiwaya chikubwera, kapena kanyenya wa mbuzi wa pa Bangula, wothira tsabola wa kambuzi. Ndinachapa malaya, ndinameta.

Anandikhazika pafupi ndi zenera, nyanja ili apo. Kansalu pamaondo, mafoloko atatu. Choyamba chinali cha ku Mexico, tichapati ta chimanga tokhala ndi nkhumba ndi nanazi pamwamba. Chachiwiri cha ku India, timipira topanda kanthu m'kati, amathiramo madzi owawasa, ukaluma timaphulika m'kamwa. Ndinatsamwa, madzi kutulukira m'mphuno, onse anafa nacho chiseko, kamera ili pa ine. Nanenso ndinaseka. Kenako buledi wa ku Vietnam wokhala ndi chiwindi ndi masamba onunkhira. Sindinama, zinali zokoma. Ndinkadya n'kumaganiza kuti amayi akanalawako kamodzi kokha, akanati chiyani.

Shefu anawomba m'manja. Chitseko cha kukhitchini chinatseguka, anatuluka Zuze atanyamula thireyi m'mwamba. Anayamba kuika kwa ine. Pa tsamba la nthochi panali tinthu titatu takuda, todula pakati, tokazinga mu batala, pamwamba atadonthezera uchi. Pambali duwa la kakombo.

Sindinafunike kuuzidwa. Pansi pa batala ndi uchi, fungo la matope linalipo.

Shefu anayamba kulankhula, manja ali m'mwamba. Papa Didye ankandinong'oneza kukhutu. "Akuti kwanu ana amagula izi pamsewu pochokera kusukulu. Akuti ndiye switi ya kwanu. Akuti mlamu wako ndi amene wamuululira chinsinsi." Anaona nkhope yanga, anasiya kumasulira.

"Malawi!" anakuwa Shefu. "Idya! Auze anzako!"

Kamera inabwera pafupi. Ndinayang'ana Zuze. Iye ankayang'ana thireyi. Anthu makumi awiri ankandidikira. Ndinatenga foloko, ndinabaya, ndinaika m'kamwa. Kuwawa kwake kunali komwe kuja, uchi unangokuchedwetsa. Ndinameza. Ndinaimika chala chachikulu. Anawomba m'manja. Pa zonse zimene ndinachita ku Kepi, chala chimenecho ndi chimene chimandisowetsa mtendere.

Atabalalika ndinalowa m'chipinda chozizira momwe tinkasungira katundu. Thumba linali pakona, lonyowa pansi, lobwera ndi anyamata a mathiraki aja amanyamula mpunga ndi usipa kuchokera kwathu. Kukamwa kwake linali losokedwa ndi ulusi wa ukonde, mfundo ziwiri ndi kamchira kopindira m'kati. Ndakulira m'nyumba momwe thumba lililonse limamangidwa choncho.

Ndinatuluka kuseri, kumabini, ndinaimba foni.

"Amayi, nyika ili kunoyi wazula ndani?"

Ndinkamva nkhuku chapatali.

"Wadya kale masana ano?"

"Ndafunsa kuti wazula ndani."

"Nkhabe, usandikalipire, iwe. Alamu ako anatuma uthenga. Akuti azungu aikonda."

"Mwalowa m'madzi aja?"

"Pali madzi ena kuno?"

"Amayi, si ndimatumiza ine? Chasowa n'chiyani?"

"Umatumiza, takhuta. Ndiye ine ndizingokhala pakhonde kudikira foni ilire? Manja ndili nawo. Mwana wa Chanazi akukula, afunika yunifomu, afunika nsapato. Ndipo tamvera. Usakamukhudze munthuyo. Ndi bambo wa mdzukulu wanga. Wandimva?"

Ndinawamva. Tsiku lotsatira ndinamupeza Zuze akupukuta matambula. Ndinalankhula mofatsa, mwina sindinalankhulepo mofatsa chotero moyo wanga wonse.

"Alamu, ziimitseni izi. Muuzeni bwana kuti nyika yatha."

Anayang'ana tambula padzuwa. "Mfana, vuto lako umaganiza ndi zibakera. Anthu amamira ulere chaka chilichonse. Ine ndawapezera wogula. Ndawakakamiza? Wafunsa azimayi ena amene akumira nawo ngati akudandaula?"

"Chanazi anafera momwemo."

"Ukuganiza kuti ndaiwala? Anali mkazi wanga, osati wako." Anaika tambula pansi. "Tamvera. Chifukwa cha mbale imeneyi andikweza, ndine woyang'anira oyendetsa chakudya onse. Ukandisokonezera apa, tonse tikwera basi. Ndiye amayi ako adzadya chiyani? Nyika yomweyo, yopanda wogula."

Manja ndinawalowetsa m'thumba, ndinabwerera kusinki.

Ndinaganiza kuti vuto ndi bodza. Mzungu uja wanamizidwa, akamva zoona asiya. Chingerezi changa ndi cha sitandade sikisi, choncho ndinamuchonderera Papa Didye kuti akandimasulire. Anakana kawiri. "Mwana wanga, anthu awa chisoni chawo n'choopsa kuposa ukali wawo." Kachitatu anavula epuloni, tinapita.

Ndinamuuza Shefu zonse. Kuti si switi. Kuti ndi chakudya cha njala, chodyera kuseri kwa chitseko. Kuti m'madzimo muli ng'ona. Kuti mlongo wanga tinaika nsalu yokha. Kuti amene akumira tsopano ndi amayi anga, munthu wa imvi. Shefu anagwira pachifuwa. Misozi inalenga m'maso mwake, yeniyeni, ndinaiona. Anaimirira, anandikumbatira, akununkha adyo ndi perefyumu, n'kumati pepa Malawi, pepa, sindinkadziwa. Ndinatuluka wopepuka. Ndinamuuza Papa Didye kuti waona, si onse.

Sabata yotsatira mapepala a zakudya anabwera atsopano. Pambali pa nyika anajambulapo ng'ona yatsegula kukamwa. Pansi analemba kuti chakudyachi chimazulidwa ndi azimayi olimba mtima a ku Shire, amene amamira pakati pa ng'ona. Shefu anadzandisisita paphewa, akuti tsopano dziko lonse liwalemekeza. Oyendetsa chakudya anaphunzitsidwa kafotokozedwe kake, poti pofika pa ng'ona azitsitsa mawu. Ndinkasuzumira pa kazenera ka chitseko. Azimayi a ndolo zonyezimira ankagwira pakamwa, n'kutulutsa mafoni kujambula mbale, kenako n'kudya. Kale mbale zina zinkabwerera kusinki zosatha. Tsopano zinkabwera zonyambitidwa. Thumba limodzi linasanduka awiri, kenako atatu.

Ameneyo sanali Zuze. Ndinali ine, ndi pakamwa panga.

Chimene onsewo sankadziwa, kapena Zuze ankadziwa koma osasamala, n'chakuti nyika ili ndi nyengo yake. Timazula miyezi yotentha, madzi atatsika. Koma lesitilanti siidziwa nyengo. Chimene chalembedwa papepala chiyenera kupezeka. Mu Juni madzi a Ndindi amakhala ozama, ozizira ngati a m'firiji, nkhungu ili pamwamba mpaka dzuwa litakwera. Amayi ankalowa m'mawa uliwonse. Ndikaimba ndinkamva chifuwa.

"N'chimfine chabe."

"Siyani, amayi. Ndikupemphani."

"Ndinalonjeza. Galimoto ibwera Lachinayi, ikapeze thumba lopanda kanthu? Anthu adzati chiyani?"

Ndinakalipa, ndinachonderera, tsiku lina ndinalira kumabini kuja ngati mwana. Ankangosintha nkhani, n'kumandifunsa ngati ndagula jekete.

Foni inalira masana, lesitilanti itadzaza. Anali mayi wina woyandikana nafe nyumba. Anati amayi avuuka, agwira m'mphepete mwa bwato, koma alephera kukwera. Anzawo achita kuwakoka. Thupi likutentha, akupuma ngati mluzu. Awawolotsa, ali kuchipatala cha paboma, madokotala akuti chibayo.

Ndinaika foni m'thumba, ndinabwerera pasinki, chifukwa sindinadziwe kwina kopita. Mbale yoyamba imene inandifika inali ya nyika. Panatsala kachidutswa kamodzi kolumidwa, kali ndi utoto wofiira wa pamilomo. Ndinaiyang'ana. Kenako ndinaimenyetsa kukhoma. Zachitsulo sizisweka, zimangolira, choncho ndinatenga mulu wa zadothi, ndinauponya pansi, ndi wina, ndi wina. Khitchini yonse inaima. Shefu analowa akuthamanga. "Malawi? Malawi, chavuta n'chiyani?" Ndinavula epuloni, ndinaisiya m'madzi a sopo. Zuze tsiku limenelo anali pa ofu. Mulungu anamukonda, ndipo anandikonda inenso, chifukwa bwenzi ndikulemba izi ndili kundende.

Papa Didye anandiperekeza kukakwera basi. Anavula jekete lake lokhalo n'kundiveka. Ndinati kwathu kumatentha. Anati, "M'njira simutentha." Sitinatsanzikane bwino, kondakitala ankakuwa. Nambala yake inasiya kulowa patapita miyezi ingapo. Sindikudziwa ali kuti.

Ndinapeza amayi atatulutsidwa, atagona pamphasa pakhonde. Ndinawadutsa ndi maso kaye, ndinkayesa ndi munthu wina. Mikono ngati bango. Zikhadabo za kuphazi zinali zitathothoka. Khutu lakumanzere linagontha ndi madzi, mpaka lero ukafuna kulankhula nawo umazungulira mbali inayo. Ndinagwada, ndinawapatsa moni. Anandiyang'ana, anayang'ana kachikwama kanga.

"Wabwera pa holide?"

"Ndabwereratu."

"Ntchito?"

"Ndasiya."

Anatembenukira kukhoma. Masiku atatu sanandilankhule. Azimayi amene ankamira nawo anasiya kundiyankha moni, akuti ndapita kukawatsekera msika. Mwina akunena zoona, nawonso ali ndi ana. Ndinabwereka bwato, ndinayamba kuwolotsa anthu padoko monga kale. Madzulo ndinkawaphikira amayi phala, n'kumamvera kupuma kwawo. Pang'ono ndi pang'ono anayamba kukhala tsonga, kenako kuyenda mogwira khoma. Dokotala anali atanena kuti chifuwa chimenecho chikalowanso m'madzi sichidzatuluka. Ndinawakumbutsa. Anati anamvera khutu logontha.

Zuze anafika mu Okotobala, dzuwa likuswa mitu. Mapepala tsopano anali bwino. Anawoloka pa bwato la munthu wina, atakweza miyendo kuti nsapato zake zoyera zisanyowe. Anabwera ndi shuga, bulangeti, kadiresi ka mwana wake, amene anabisala kumbuyo kwa nyumba chifukwa sankamudziwa. Kukhwapa anapanira mtolo wa matumba atsopano, opindidwa bwinobwino.

Anamuikira mpando pansi pa mtengo wa mango. Anthu anasonkhana, amuna pamipando, azimayi pamphasa. Ine ndinaima chapatali, nditatsamira nkhafi. Anapereka moni kwa aliyense, anapepesa matenda, anafotokoza za ulendo, za kuzizira kwa ku Kepi, za bwana wake amene akupereka moni kwa azimayi onse a ku Shire. Anthu anawomba m'manja. Ine sanandiyang'ane ngakhale kamodzi.

Kenako anakonza pakhosi.

"Amayi, poti Mulungu wakuchitirani chifundo mwapezako bwino, ndiponso madzi atsika, bwana akuti kumene kuja nyika yatha. Za ena zimafika zosakaniza ndi zowola, akufuna za dzanja lanu. Musadzipanikize ayi. Pang'onopang'ono."

Anaika mtolo uja pansi, pakati pa bwalo.

Ndinayang'ana amayi. Ndinkapemphera kuti akane okha. Anagwira nsanamira ya khonde, anadzikoka, anaimirira. Anayenda masitepe anayi okafika pamtolopo akupuma ngati mluzu, bwalo lonse likumva. Anagwada. Anatambasula manja onse awiri kuti alandire, monga amalandirira munthu chinthu chaulemu.

Sindikumbuka kuyenda. Ndinangopezeka phazi langa lili pamatumba. Wina anati, "Iwe, ulemu!" Amayi anandikoka buluku. Zuze sindinamumenye, anthu anene zonse koma anene kuti sindinamumenye. Ndinaponya nkhafi pamapazi pake, fumbi linagwera pansapato zija, ndipo kwa nthawi yoyamba anandiyang'ana m'maso.

Ndinati, "Alamu, vulani nsapato. Bwato lili padoko, ndikupalasirani ndekha, sindikulipiritsani. Ndikakufikitsani pamene anamira Chanazi, poti simunapaonepo. Mukatsike inu, mukafufuze ndi zala zanuzo, mukadzaze matumba onsewa, ine ndidzakhala m'bwato kulandira. Mukavuuka, mukawapatse azungu anu adye. Mukapanda kuvuuka, ndidzakuimbirani foni, ndidzalira. Koma amayi anga ayi, m'nyumba muno munatengamo kale mmodzi. Wachiwiri simutenga."